Ndodo Yofiira ya Feldmarschall

Berlin, 4 Okotobala 1942

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Hollerode, ndipo mwendo uja wasiya kukuvutani. Ine kuno ndilipo, kungoti tulo sindikuliona chimwalirire achimwene a Reinhold.

Bambo, ndisazungulire. Mwatsala ndi mwana wamwamuna mmodzi, ndipo ali ku Stalingrad. Mayi wina amene timagwira naye ntchito wandiuza kuti pali lamulo: banja likataya ana kunkhondo n'kutsala ndi mnyamata mmodzi yekha, kholo likhoza kupempha kuti amuchotse kutsogolo, amuike kumbuyo kumene kulibe zipolopolo. Ndinapita ndekha kukafunsa, ndipo lamulolo lilipodi. Koma kalaliki wa kumeneko anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Mayi, inu ndi ndani wake? Mlongo? Mlongo sasaina. Abambo ake anamwalira?" Ndinati ali moyo. "Ndiye mukutitayitsiranji nthawi? Apite okha ku ofesi ya kwawo." Choncho ntchito ndi yanu. Mukwere sitima mpaka ku boma, mulembe dzina lanu papepala, basi. Eckhard atuluke kumeneko chisanu chisanayambe.

Mumakonda kufunsa za ntchito yanga kwa a Kühnast, osula golide ndi siliva aja, ndiye ndikuuzeni. Ndodo ya Feldmarschall, ija ya ulemu ya mkulu wa asilikali, palibe imene tikupanga mwezi uno. Yomaliza ija ndinasoka ndine nsalu yofiira, n'kukhomerera timitanda ndi tiziwombankhanga ta golide mpaka zala zinatupa. A Kühnast anazokota dzina pa mkombero wa siliva, lilime lili panja ngati mwana wa sukulu. Ndodo imodzi imatidyera masabata ambiri, n'chifukwa chake a ku likulu amaitanitsa mwachinsinsi wailesi isanalengeze. Pakali pano tikungopanga mamendulo, ndipo ambiri akupita kwa akazi amasiye.

Ngati mbatatesi zakumbidwa nditumizireniko, ndi mafuta a nkhumba pang'ono. Kuno buledi akukoma utuchi.

Ndiyankheni msanga za pepala lija.

Mwana wanu,
Irmtraud

Hollerode, 15 Okotobala 1942

Mwana wanga Irmtraud,

Moni. Mwendo ulipo, sunapite kulikonse. Mbatatesi ndatumiza thumba limodzi. Mafuta udikire tiphe nkhumba.

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndili chiimire. Ukundiuza ine, Waldemar Petzold, sajeni amene ndinasiya theka la bondo ku France pa nkhondo yoyamba ija, kuti ndikaime pamzere chipewa chili m'manja, kukapempha kuti mwana wanga akabisale kukhitchini ya asilikali? Mzinda watsala pang'ono kugwa. Nyuzipepala ikuti kwangotsala mafakitale a m'mbali mwa mtsinje wa Volga. Munthu walima chaka chonse, iwe ukuti achoke tsiku lokolola.

Umagwira ndodo zimenezo tsiku ndi tsiku koma sudziwa kulemera kwake. Dzina lonse ndi Generalfeldmarschall, ndipo pamwamba pake palibenso msilikali wina. Poyamba mawu akuti Marschall ankatanthauza munthu wosamalira akavalo a mfumu, ona kumene anakafika. Mafumu akale a Prussia sankapereka udindo umenewu mwachisawawa. Munthu ankayenera kupambana nkhondo yaikulu kapena kulanda mzinda wa linga. Agogo ako anamuona mmodzi ndi maso awo mu 1870 akudutsa pa kavalo, ndipo ankasimba zimenezo mpaka mano onse anatha m'kamwa. Feldmarschall sapuma pantchito, amavula yunifolomu m'manda. Ndipo chiyambire palibe ngakhale mmodzi amene anakweza manja kapena kugwidwa wamoyo. Nonse atatu ndinakuphunzitsani mayina awo pa timakadi ta m'mapaketi a ndudu tija. Iwe unkaloweza msanga kuposa anyamata, ndiye usandichititse manyazi.

Tamvera tsono, pakuti sindikukana. Jenerale wa Eckhard akalanda mzindawo adzampatsa udindo umenewu monga mwa mwambo. Tsiku limene ndidzamve zimenezo, m'mawa mwake ndikasaina. Mnyamata adzabwere atamaliza ntchito, osati atathawa. Reinhold sanaone mapeto ake, mng'ono wake awaone m'malo mwake.

Nkhaniyi yathera pamenepa.

Bambo wako

Ku Volga, 30 Okotobala 1942

Achemwali,

Moni wochokera kwa mlongo wanu wokongola uja, amene tsopano simungamzindikire. Ndili moyo, manja awiri, miyendo iwiri, ndi nsabwe zokwana mudzi wonse wa Hollerode. Masokosi ndalandira. Mukapeza ndudu musandiiwale.

Tikukhala m'chipinda chapansi cha nyumba imene kale inali sukulu. Pamwamba pali Arasha, moti tikamakhosomola amatimva. Dzulo tinalanda masitepe, lero alandanso, mawa tikawalandanso ngati tidzuke. Mnzanga Gottlob akuti, "Petzold, achemwali akowo auze afulumire nayo ndodoyo. Mwina mkuluyu akangoigwira atilola kupita kwathu." Ine ndati, "Ndodo ya mlongo wanga siigwidwa ndi munthu amene walephera kulanda masitepe." Tinaseka mpaka a pamwamba anatiponyera bomba la m'manja.

Za lamulo lija mwalembazo ndazimva. Gottlob nayenso ndi wotsala yekha kwawo. Amayi ake anasaina kale, akungodikira yankho. Achemwali, ine ndikufuna kubwera. Ndalemba mawu amenewa kwa inu nokha, ndipo mukawerenga musawaonetse munthu. Kwa Ababa sindinganene choncho, mukuwadziwa. Ndawalembera mozungulira, kuti ngati ntchito ya pafamu yawachulukira ndi mwendo wawo uja, angonena, ine ndilipo. Ndi anthu anzeru, amva.

Mlongo wanu,
Eckhard

Hollerode, 11 Novembala 1942

Mwana wanga Eckhard,

Moni. Kalata yako yandigwira mtima. Uli pakati pa moto koma ukuganizira za munda wa bambo wako. Ndinaiwerenga kwa anzanga ku bala ya a Liebold Loweruka, ndipo onse anati Petzold analera.

Chotsa nkhawa. Boma landipatsa mkaidi wa ku France woti azindithandiza. Ndi waulesi, monga onse amene amakweza manja, koma khasu amalidziwa. Tirigu wa chisanu tafesa kale, nkhumba tapha. Kuno sikukusowa dzanja ngakhale limodzi. Iwe yang'ana kutsogolo, umalize zimene unapitira. Mlongo wako akundivutitsa ndi mapepala a akazi, koma ndamuuza kuti iwe si mwana wotero.

Ndatumiza soseji ndi fodya. Ugawireko anzako.

Bambo wako

Berlin, 1 Disembala 1942

Bambo,

Moni. Kalatayi sikudzera ku positi. Ndapatsira mayi a Liebold amene anabwera kudzaona mwana wawo kuchipatala, ndiye ndilankhula momasuka. Mukawerenga muiponye pamoto.

Kodi mwalandirapo kanthu kuchokera kwa Eckhard? Ine chilandirire ya mu Okotobala ija, zii. Wailesi yasiya kutchula za mafakitale aja, mwazindikira? Kuno anthu akunong'ona pamzere wa buledi kuti Arasha adutsa kumbuyo, azungulira gulu lonse, ndipo chakudya chikungopita pa ndege. Mwamuna wa mnzanga amagwira ntchito ku njanji, akuti sitima za kumeneko zikubwerera panjira.

Ndinawauza a Kühnast za lonjezo lanu lija, lakuti mudzasaina Jenerale akadzalandira ndodo. Anaika galasi lawo pansi n'kundifunsa kuti, "Abambo akowo akukhala chaka chiti, mwana iwe? Nthawi ya mafumu, bambo anga ankapanga ndodo imodzi, kenako n'kudikira zaka. Mu 1940 tinalandira anthu khumi ndi awiri tsiku limodzi. Tinkazitulutsa ngati soseji. Mmodzi wa iwo anabweza yake ati ikulemera, ikumupweteka dzanja." Ndinaseka, koma pambuyo pake ndinakalirira kuchimbudzi. Moyo wa mlongo wanga mwaumangirira ku chinthu chimene ine ndimamata ndi guluu.

Bambo, Eckhard atakufunsani za ntchito ya pafamu sankafunsa za tirigu. Ndinalonjeza kuti sindinena, koma ndanena. Mwina mpata ukadalipo, ndege zikutulukabe ndi anthu. Pitani mawa. Ndikukupemphani, ndipo ndakwiya nanu kwambiri.

Irmtraud

Berlin, 28 Disembala 1942

Eckhard, mlongo wanga,

Moni, ngati kalatayi ikupeze. Akuti tizilemba zopepuka chifukwa ndege zikunyamula ufa, ndiye ndalemba tizilembo ting'onoting'ono. Uli bwanji? Ukudya? Lemba ngakhale mzere umodzi.

Ababa sanandiyankhe mwezi wonse, ndiye pa Khirisimasi ndinapita ndekha. Ndinawapeza atayala timakadi tawo patebulo, mbale yako ndi ya a Reinhold zili pamalo pake. Ndinali nditakonzeka kunama, ndipo ndinanamadi.

"Ababa, ndodo ija yaitanitsidwa. Ndaiona ndi maso anga. Tiyeni mukasaine."

Anandifunsa kuti, "Dzina lazokotedwa?"

"Lazokotedwa."

"Tsiku lake alemba liti?"

Ndinachita chibwibwi. Iwo anati, "Umanama ngati amayi ako, makutu amafiira. Khala pansi udye."

Pamenepo ndinalusa. Ndinati, "Mwana wanu akudya akavalo akufa, inu mukusewera ndi zithunzi za m'mapaketi a ndudu. Anthu amenewa anakuberekerani mwana ndani?"

"Ukulankhula ndi ine kapena ndi anzako a ku Berlin?"

"Ndi inu, a sajeni. Kapena ndiime njo ndichite sailuti kuti mundimve?"

Ndinayesa andimenya. Koma anangosonkhanitsa timakadi tawo n'kunena motsitsa kuti, "Ndikapita lero kukasaina, ndiye kuti ndavomera kuti zatha. Sizinathe. Akubwera kudzawatsegulira njira." Ndinaona kuti akuopa ngati ine ndemwe, kungoti mantha awo avala yunifolomu. Ndinawamvera chisoni, koma sindinawakhululukire. Ndinabwerera m'mawa mwake osatsanzika.

Eckhard, tamva. Ukapeza mpata uliwonse wotulukira, wa mtundu uliwonse, tuluka. Za ulemu tidzakambirana uli kuno.

Mlongo wako,
Irmtraud

Stalingrad, 13 Januwale 1943

Ababa,

Moni. Akuti ndege imene inyamule kalatayi mwina ndi ya kumapeto, ndiye sindisamalanso za amene amatsegula makalata. Kalata yanu ya mu Novembala ndinalandira. Soseji sinafike. Ndasangalala kuti tirigu munafesa.

Gottlob anachoka kutatsala masiku ochepa kuti atizungulire. Pepala la amayi ake linabwera, anakwera lole akulira, akutipepesa. Anandisiyira bulangete lake. Sindikunena izi kuti ndikudandauleni, ndangoti mudziwe kuti lamulolo linkagwiradi ntchito.

Zala ziwiri za kuphazi zada ndi chisanu. Dokotala akuti pa ndege amakweza amene sangathe kugwira mfuti, ine ndikutha. Timalandira kagawo kamodzi ka buledi patsiku. Munatiphunzitsa kuti Marschall poyamba anali wosamalira akavalo. Ndinawauza anzanga, wina n'kuti, "Ndiye mkulu wathuyu udindo umenewo aiwale, akavalo ake tadya onse." Aka kanali komaliza kuseka.

Sabata yatha Arasha anaponya mapepala kuchokera m'mwamba. Akuti tikagonja atipatsa chakudya ndi madokotala. Jenerale wakana, ndipo kwabwera lamulo loti aliyense wobwera ndi mbendera yoyera tizimuwombera. Anyamata ena anabisa mapepalawo m'nsapato. Ine ndinatola limodzi, ndinaliwerenga, kenako ndinamva mawu anu m'mutu mwanga, aja a ku tebulo akuti chiyambire palibe anakwezapo manja. Ndinayatsira moto.

Ine si Feldmarschall, Ababa, ndine kopolo wamba, ndipo ndikuopa. Koma musadere nkhawa, sindikuchititsani manyazi ku bala ya a Liebold. Ndichita monga munandiphunzitsira.

Muwapatse moni achemwali. Muwauze kuti masokosi awo ndi amene apulumutsa zala zinazo.

Mwana wanu,
Eckhard

Hollerode, 1 Febuluwale 1943

Mwana wanga Irmtraud,

Moni. Unachoka osatsanzika, koma lero si tsiku lokumbutsana zimenezo. Wamva wailesi dzulo? Ampatsa. Jenerale wa Eckhard tsopano ndi Feldmarschall. Ndinali ndikumwa khofi wa balere uja, kapu inagwa.

Ndikudziwa zimene unene, kuti mzinda sunagwe, kuti nyuzipepala masiku ano ikulemba ngati ya maliro. Inenso ndili ndi maso. Kwa Eckhard sindinalandire kalikonse chiyambire Novembala, ndipo usaganize kuti ndimagona. Koma taganiza bwino, iwe amene unkaloweza msanga. Chiyambire palibe Feldmarschall wa dziko lino amene anagwidwa ndi adani. Kodi a ku likulu angapereke udindo umenewu kwa munthu amene akudziwa kuti mawa agwidwa? Angadzichititse okha manyazi otero? Sizingatheke. Ndiye kuti akudziwa zimene ife sitikuzidziwa. Akasinja ali panjira, kapena ndege zambiri. Ayenera kumutulutsa, ndipo potulutsa iye atulutsa ndi ana athu. Udindo umenewu ndi lonjezo.

Ine ndine munthu wosunga mawu. Lero m'mawa ndakwera sitima yoyamba, ndakasaina. Kalaliki anawerenga nambala ya gulu la Eckhard, anandiyang'ana, n'kufunsa kuti, "Bambo, mwabwera lero?" Ndinati, "Lero ndiye tsiku lake." Anadinda pepalalo. Achinyamata a masiku ano sadziwa mbiri.

Tsopano ndiuze, popeza chinsinsi chatha. Munaiyamba liti ndodoyo? Unandibisira bwino, pa Khirisimasi paja mwina sunkanama n'komwe. Usoke mosamala. Ndikufuna Eckhard akadzabwera adzadziwe kuti ndodo ya mkulu wake inadutsa m'manja mwa mlongo wake.

Ndasunga mwendo umodzi wa nkhumba ku utsi. Sitiudya mpaka tidzakhale atatu.

Bambo wako

Berlin, 3 Febuluwale 1943

Bambo,

Kalata yanu yafika m'mawa uno. Iyi ndipatsira munthu wa ku njanji uja. Khalani pansi musanawerenge.

Ndodo kulibe. Sinaitanitsidwe.

Mwezi wathawu a ku likulu anaitanitsa ndodo zitatu, popanda mayina, monga amachitira. Ndinasoka usana ndi usiku ndikupemphera kuti imodzi ikhale ya Jenerale wa Eckhard, kuti mwina pali chimene akukonza. Mayina anabwera sabata yatha. Onse atatu ndi a akuluakulu ena, amene ali kutali ndi Volga, kumene kukufunda. Wailesi italengeza Lamlungu ndinaganiza ngati inu. Lolemba ndinathamangira kuntchito ndisanadye, n'kufunsa a Kühnast ngati yachinayi yabwera.

"Yachinayi iti?"

"Ya ku Stalingrad. Simunamve wailesi?"

Anatseka chitseko cha kushopu, n'kundikhazika pa mpando wawo, chinthu chimene sanachitepo. Anati, "Mwana wanga, ndakhala pa tebulo ili zaka makumi anayi. Munthu akamapatsidwa udindo umenewu, ine ndimadziwa mkazi wake asanadziwe. Amandiuza msanga chifukwa amafuna tsiku la mwambo pakhale chomugwiritsa m'manja, ajambulidwe. Uyu sanandiuze, ndipo dzulo nditaimba foni kufunsa anandiyankha kuti sipafunika."

Ndinati mwina aiwala ndi mpanipani wa nkhondo.

"Anthu amene amakumbukira kuti chiwombankhanga chiyang'ane kumanzere? Saiwala amenewo. Abambo ako amanena zoona kuti palibe Feldmarschall anagwidwapo wamoyo. A ku likulu akudziwanso zimenezo, n'chifukwa chake ampatsa. Akumuuza kuti asakhale woyamba. Udindowo ndi mfuti yoti adziwombere nayo, ndipo anyamata ake afe naye limodzi. Munthu wakufa safuna ndodo."

Bambo, mawu omwewo amene munatiphunzitsa, inu mwawawerenga ngati lonjezo, iwo awalemba ngati chilango cha imfa. Kulibe akasinja. Kunalibe n'kale lomwe.

Ndikulemba pano wailesi yasiya nyimbo zake. Akuliza ng'oma pang'onopang'ono. Akuti nkhondo ya ku Stalingrad yatha, gulu lonse lamenya mpaka chipolopolo chomaliza, kuyambira Feldmarschall mpaka msilikali wamba. Akuti dziko lilire masiku atatu, makanema atsekedwe. Mayi wa chipinda choyandikana nane akukuwa, mwamuna wake anali komweko.

Ndinkafuna kukulemberani mawu opweteka, ndinawakonza ndili m'sitima ya pansi pa nthaka. Ndawasiya. Musakhale nokha m'nyumbamo, pitani kwa mayi a Liebold.

Irmtraud

Hollerode, 7 Malichi 1943

Mwana wanga Irmtraud,

Moni. Makalata ako atatu ndinalandira. Sindinayankhe chifukwa dzanja limakana. Ndikudya, usadandaule. Iyinso ibwera pamanja, ndipo uiwotche.

Kalata ya Eckhard yafika sabata yatha, yolembedwa pa 13 Januwale. Inakhala kuti nthawi yonseyi, sindikudziwa. Ndaikopera yonse, ili m'kati momu. Uwerenge kaye, kenako upitirize yangayi.

Lachisanu mayi a Liebold anandiitanira kukhitchini kwawo. Ndimadziwa kale kuti amamvera wailesi ya adani atafunda bulangete, ndipo chaka chatha ndikanawanenera kupolisi. Anati, "A Petzold, musakuwe. Munthu uja sanafe. Feldmarschall uja. Anatuluka m'chipinda chapansi ndi miyendo yake, ndi sutikesi yake. Arasha amujambula." Ndinati ndi mabodza a adani. Iwo anati, "Mwina. Koma akuti agwiranso anyamata zikwi makumi asanu ndi anayi, amoyo, ndipo tsiku lililonse amawerenga mayina ena." Ndinafunsa ngati anamvapo la Petzold. Sanalimve, koma akuti mawu amadukaduka, ndipo mayina ndi ambiri.

Dzulo ku bala nkhaniyi inali itafika kale, aliyense akunamizira kuti waimva kwa msuweni. Anzanga a nkhondo yoyamba anali atafiira ndi ukali. Mkulu Trautwein, wa diso limodzi uja, anamenya tebulo n'kuti, "Zaka mazana atatu popanda banga, ndiye atiipitsire Feldmarschall wonga kalaliki ameneyu? Anampatsa ulemu wonse, chomwe chinkafunika ndi kukoka chala chimodzi pa mfuti." Wina anati, "Mwina mfuti inaundana ndi chisanu," anthu n'kuseka. Kenako Trautwein anatembenukira kwa ine. "Waldemar, iwe ndiye umawadziwa onse pamtima. Tawauza anawa. Analipo wina wamantha chonchi?"

Maso onse anali pa ine. Ndinati, "Analibe. Ndi woyamba."

"Ndiye tinene kuti chiyani za iye?"

Ndinati, "Mulungu amudalitse."

Trautwein anandifunsa ngati ndaledzera. Ndinali ndisanamwe n'komwe. Ndinavala chipewa n'kutuluka, ndipo sindikudziwa ngati adzandilolenso kukhala pa tebulo limenelo.

Wandimva, Irmtraud? Ngati mkulu wawo anakweza manja, ndiye kuti anyamata anaona, ndipo ena anakweza awo. Zikwi makumi asanu ndi anayi ndi anthu ambiri. Kopolo wa zala ziwiri zakuda akhoza kukhala pakati pawo, akuyenda pa chipale, wanjala koma akupuma. Chondilepheretsa tulo ndi mzere umodzi wa m'kalata yake, wakuti achita monga ndinamuphunzitsira. Reinhold anali wamakani, ankandiyankha. Koma uyu chibadwire ndikati khala amakhala, ndikati imirira amaimirira. Ndafufuza m'mutu mwanga tsiku limodzi lokha limene anaphwanya mawu anga, sindikulipeza.

Iwe unakula naye, ndipo ana amabisirana zambiri zimene kholo silidziwa. Ndiye ndikufunsa. Kodi Eckhard anayamba wandinamizapo? Anabapo mazira, anathawapo kusukulu, anasutapo fodya wanga kuseri kwa khola? Anavomerapo pamaso panga kuti inde Ababa, kenako n'kukachita zake? Kumbukira chilichonse, ngakhale chaching'ono, undilembere ndi sitima yoyamba.

Sindikalipa.

Bambo wako,
Waldemar